Zimene Wian Anandiletsa Kukuuzani

Bangkok,
4 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Buaphan,

Landirani moni, inu ndi alamu anga a Sawaeng. Muli bwanji kumudziko? Bondo la amayi lija likuwalola kutsika makwerero a nyumba? Nanga chifuwa cha alamu chinatha? Namfon, mwana wa mlongo wathu Wian, ndinamumva mawu Lamulungu lija, akumveka kuti ali ndi mphamvu zake. Ine kuno thupi lili bwino. Mvula yomaliza inadzaza madzi m'kamsewu kathu mpaka m'mawondo, tinatha masiku atatu tikupita kuntchito nsapato zili m'manja, koma tsopano aphwa.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata pomwe foni muli nayo. Ndayesa katatu kukuuzani pa foni. Ulendo woyamba munali kumunda mukukuwa kuti mbalame zatha mpunga. Wachiwiri anayankha Namfon, ndinangomufunsa za kusukulu. Wachitatu munayankha nokha, muli phee kundidikira, koma ine ndinayamba kukufunsani ngati madzi auma m'munda wa kumunsi. Pakamwa panga pakukana. Ndiye ndapempha a Thongdi oyendetsa minibasi kuti akupatseni kalatayi m'manja mwanu, osati m'manja mwa amayi. Muiwerengere kuseri kwa nkhokwe muli nokha.

Wian akudwala, achemwali. Akudwala kwambiri, ndipo sanayambe lero. Ino ndi sabata yachitatu ali m'chipatala chachikulu cha boma. Lachinayi lapitali madokotala ananena kuti mankhwala onse amene akanamupatsa atha, chatsala ndi kumuchepetsera ululu. Nditamutsatira dokotala wamng'ono panja pa wodi, anati mwina mwezi, mwina kupitirira pang'ono, koma ndisayembekezere kuti aona chaka chatsopano.

Werengani mpaka kumapeto, kenako mundikalipire mmene mungafunire.

Zinayamba mu Januwale chaka chatha. Tsiku lina Loweruka ndinapita pa siteji pomwe amaimika njinga yamoto ndi anzake a kabaza, nditamutengera mpunga womata ndi papaya wosinja. Povula chipewa cha njinga ndinaona akukwinya nkhope. Akuti lamba wa chipewa wayamba kumuthina pakhosi. Nditagwira ndinapeza chotupa ngati dzira la chinziri, cholimba, chosasuntha. M'khwapa munalinso china. Iye ati ndi mwanabere chabe, wakhala naye miyezi iwiri, ndipo sapweteka n'komwe. Mawu oti sapwetekawo ndi amene anandiopsa.

Anzake anangoyamba kuseka. Wina wonenepa, amene amamutchula kuti Moo, anati, “Asisi musadandaule, ameneyu wameza dzira la bakha osatafuna. Ndi umbombo.” Wian naye anati, “Mwaona anyamata? Munthu akamatsuka timbale ta madokotala, nayenso amasanduka dokotala.” Ndinaseka nawo, koma Lolemba m'mawa ndinakamudikira pakhomo pa chipinda chake mpaka anavala malaya n'kutsagana nane kuchipatala.

Anadula kachidutswa ka chotupacho n'kukayeza. Patatha sabata anatiuza kuti ndi khansa ya maselo oteteza thupi, aja amakhala m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Titatuluka tinakhala pa benchi la pa siteji ya basi. Mabasi athu anadutsa atatu, ife osakwera. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira mmene amayi analili pa matenda a abambo, miyezi isanu ndi iwiri akugona pa mkeka m'munsi mwa bedi, akuchapa nsanza, osadya, mpaka iwonso anatsala mafupa okhaokha. Akuti amayi anaperekeza kale mwamuna mmodzi kumoto wotenthera maliro wa pakachisi, sangalole kuti ayambe kuchapanso nsanza za mwana wawo. Akuti ndiye adzasamale Namfon ndani, poti mayi wake chipitire ku Rayong ndi mwamuna wina sanatumizepo ngakhale moni. Anatulutsa kachifanizo ka Buddha kamene amavala m'khosi, n'kuika dzanja langa pamenepo. “Lumbirani, asisi. Amayi asamve, achemwali asamve. Ndikachira tidzawauza tikuseka.”

Ndinalumbira. Ndinkakhulupirira kuti achira.

Analandira mankhwala a m'diripi kasanu ndi kamodzi. Masiku atatu oyamba akalandira ankasanza mpaka kugwada, lachinayi ankavala chovala chake cha olenji cha akabaza n'kubwerera pa siteji. Tsitsi linathothoka lonse, nsidze zomwe. Ndiye mukukumbukira Songkran ya chaka chatha, chikondwerero chathu chothirana madzi cha mu Epulo, atabwera kumudzi ndi mpala n'kunena kuti analowa umonke ku kachisi masabata awiri kuti malemu abambo apeze madalitso? Linali bodza, achemwali. Tinalikonzera limodzi m'basi titadutsa ku Khorat. Sanalowe umonke uliwonse.

Ndimakumbukira nkhope ya amayi tsiku lija. Anayamba ndi kulira ndi chimwemwe, anamusisita mutu ndi manja onse awiri, kenako anamukalipira kuti mwana wanji wovala nsalu yachikasu mayi wake osaona. Madzulo anazungulira mudzi wonse kuuza anthu. Inu munatiphikira nkhuku. Ine ndinkangoyang'ana mbale, ndipo munandifunsa ngati ndayambana ndi munthu ku tauni.

Zotupa zinachepa, zinatha, tinapuma. Koma mu Disembala zinabweranso, ulendo uno mpaka m'mimba.

Apa ndiyenera kukuuzani za ntchito yanga, chifukwa popanda izo simumvetsa zimene zinachitika pambuyo pake, ndiponso chifukwa chake ine ndinakhala chete nthawi yaitali chonchi. Amayi amauza anthu kuti Lamduan ndi nesi, ndipo ndinatopa kuwakonza. Sindine nesi. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala mu labu ya pa yunivesite ndikulera maselo, tinthu tamoyo ting'onoting'ono timene tapanga thupi lonse la munthu. Ndimawasunga pofunda m'timbale ta pulasitiki, ndimawapatsa madzi a chakudya, kenako ndimawathira mankhwala n'kuwerenga kuti afa angati. Abwana anga, a profesa Wilaiwan, moyo wawo wonse akhala akufufuza chinthu chimodzi chokha, mmene selo limadziphera lokha nthawi yake ikakwana.

Tsiku limene anatiuza kuti matenda abwerera, tikudikira pa mzere wa magazi, Wian anandifunsa kuti, “Tandiuzani zoona, adokotala a timbale. Chikundidya n'chiyani?” Ndinamuuza kuti palibe chikumudya, vuto lake ndi maselo amene akukana kufa. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndiye ndinatenga khadi lake la chipatala n'kuyamba kujambula kuseri kwake.

Ndinamukumbutsa mbululu za m'munda mwathu, kuti mchira wake suduka n'kugwa, umangochepa tsiku ndi tsiku mpaka kutha. Ndi maselo a mchirawo amene amadzipha okha. Ndinamuuza kuti ngakhale Namfon ali m'mimba, dzanja lake linali ngati phazi la bakha, ndipo zala zinapatukana chifukwa maselo a pakati pake anavomera kufa. M'thupi mwa munthu wamoyo, tsiku lililonse amafa ochuluka osawerengeka, ena n'kubadwa m'malo mwake.

Mmene zimachitikira ndi chonchi. M'kati mwa selo muli timatumba timene timapanga mphamvu. Pa khungu la timatumbato pamakhala mapuloteni a mitundu iwiri. Ena ndi oboola, ena ndi alonda amene amagwira manja oboolawo. Selo likakalamba kapena likawonongeka, pamabwera uthenga wodzakola alondawo. Oboola aja akamasuka amasonkhana pamodzi n'kuboola katumba, ndipo mumatuluka kapuloteni kena kamene sikayenera kupezeka panja. Kakatuluka kamakumana ndi ena n'kumangana ngati gudumu la masipoko asanu ndi awiri. Gudumulo limadzutsa timasizasi timene timagona m'selo lililonse chibadwire. Sizasi imodzi imadzutsa zinzake, zinzakezo zimadzutsa zina, ndipo zikayamba sizisiya. Zimadula mizati ya selo, zimadula ulusi wautali umene umasunga malangizo ake onse. Selo limafota, limadzimanga m'timitolo, kenako limaika chizindikiro pakhungu pake choitana anzake kuti adzalimeze. Pakatha maola ochepa sipaonekanso kanthu. Sipatupa, sipachita mafinya, mwini thupi samva n'komwe.

Wian anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. Kenako anati, “Gudumu la masipoko asanu ndi awiri? Limenelo ndi labodza, asisi, silingafike ngakhale pa msika apo.” Mayi wina amene anakhala pafupi nafe anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinamuuza kuti maselo ake odwalawo amapanga alonda ochuluka kupyola muyeso, puloteni ina imene ife timaitchula BCL-2. Uthenga woti afe umafika ndithu, koma oboola onse agwidwa manja, ndiye masizasi sadzuka. Maselo amangounjikana, ndiwo zotupazo. Iye anati ndiye kuti wadwala matenda a anthu olemera, alonda mbwee pa geti. Koma khadi lija sanalitaye. Ndalipeza sabata yatha m'chikwama chake, lapindika mpaka kung'ambika m'makona.

Nditawauza a profesa, anaimbira foni dokotala wina amene anali wophunzira wawo kale. Kunali kafukufuku wa mankhwala a mapiritsi amene amakakhala m'dzanja la mlonda uja kuti asiye woboola. Wian anamulandira mu Januwale chaka chino. Sabata yoyamba anamugoneka m'chipatala, akumupatsa kapiritsi kochepetsetsa ndi madzi majagi ndi majagi, chifukwa maselo akafa ambiri nthawi imodzi zinyalala zake zimatseka impso. Ankadandaula kuti wayenda ulendo wa ku chimbudzi wokwana kuchoka pano kufika kwathu ku Yasothon.

Achemwali, pa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinagwira pakhosi pake osapeza kanthu. Ndinafufuza mbali zonse, m'khwapa momwe, palibe. Chinthu chimene ndakhala ndikuchiona m'timbale zaka zonsezi chinachitika m'khosi mwa mlongo wanga. Ndinkamugwira pakhosi paliponse tikakumana, m'basi, pa msika, mpaka anandimenya dzanja n'kunena kuti anthu aganiza kuti ndikumupotokola.

Miyezi isanu ndi iwiri imeneyo sindidzaiiwala. Tsitsi linamera, ananenepa. Songkran ya chaka chino munamuona nokha akuzungulira mudzi pa njinga ya alamu, Namfon ali kumbuyo ndi ndowa akuthira anthu madzi. Inu munamufunsa ngati wapeza mkazi womuphikira. Pobwerera ndinamupempha kuti tsopano tiwauze amayi. Anakana, akuti zatha, nanga tiwalize chifukwa chiyani. Inenso sindinalimbikire. Ndinkadziona ngati ndachita chinthu chachikulu, kuti nzeru za ntchito yanga zapulumutsa mwana wa amayi, ndipo ndinkafuna kudzakuuzani tsiku lina nditakweza mutu.

Mu Seputembala anayamba kutuluka thukuta lonyowetsa malaya, buluku likumugwa. Anadulanso kachidutswa. Pepala la zotsatira ndinaliona lili pa tebulo dokotala asanayambe kulankhula, ndipo ndinawerenga chozondoka. Maselo ena ochepa anapulumuka, ndipo amenewo anayamba kupanga mlonda wa mtundu wina amene mapiritsi aja samugwira. Dzina lake ndimalidziwa, ndalilemba ndi dzanja langa pa mabokosi a mu labu kambirimbiri. Dokotala ankafotokoza pang'onopang'ono posankha mawu, Wian akugwedeza mutu, koma iye sankayang'ana dokotala. Ankayang'ana ine. Ndinalephera kubisa nkhope.

Panja anangoti, “Alemba alonda ena eti?” Ndinati inde. Anati, “Anyamata amenewa ndi aliuma ngati ine.” Kenako anandifunsa ngati ndadya, n'kundikweza pa njinga kukandisiya kuntchito. Uwo unali ulendo womaliza kundinyamula.

Anayesa mankhwala ena a m'diripi kawiri. Anangomufooketsa, zotupa osasuntha.

Lachisanu lapitali ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Mu firiji yathu yaikulu muli kabotolo kochepa ngati chala chaching'ono, ka mankhwala ogwira mlonda wachiwiriyo. Ndi a m'timbale basi. Ena ofanana nawo atayesedwa pa anthu anapezeka kuti akuvulaza mtima. M'mawa umenewo ndinali nditathira pa maselo, ndipo masana nditayang'ana pa makina oonera, mbale yonse inali ikuwala mobiriwira, chifukwa utoto umene timaika umawala pa maselo amene akufa. Pa khumi aliwonse, asanu ndi atatu anali atafota bwinobwino, atadzimanga m'timitolo. Ndinaimirira, ndinapita pa firiji, ndinatenga kabotoloko. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kutani nako. Ndinangoima pomwepo chitseko chili pululu, firiji ikulira, dzanja likuuma ndi kuzizira.

A profesa anandipeza chomwecho. Sanakuwe. Anati, “Lamduan, bwezera, tseka firiji.” Ndinabwezera, ndinatseka. Ananditengera mu ofesi mwawo n'kundipatsa madzi. Anandiuza zimene ndinkazidziwa kale, kuti mbale si munthu, kuti kabotoloko kakanamupha msanga kuposa matenda. Kenako anandifunsa ngati amayi akudziwa. Nditawauza za lumbiro, anavula magalasi n'kuwapukuta. Ndiye anati, “Ine ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna. Atandibisira zotere, iye ndikhoza kudzamukhululukira, poti wapita. Koma mlongo wake amene anatsala akudziwa, sindikudziwa.”

Mawu amenewo andiyenda m'mutu masiku anayi. Ndi amene andigwiritsa cholembera.

Ndikuuzeni mmene alili tsopano kuti musadzadzidzimuke pakhomo. Waonda kwambiri, nkhope yatsala maso ndi mano. Mimba ndi miyendo zatupa. Ali ndi kachubu ka mpweya m'mphuno. Amadya masipuni atatu kapena anayi a phala la mpunga, akatero wakhuta. Koma mutu ukugwira bwino, ndipo pakamwa pake ndi pomwe paja. Dzana anauza nesi wamkulu kuti akamabaya jekeseni azipatsa siginolo ngati anthu a pa msewu.

Anzake a pa siteji andidabwitsa. Anagawana masiku, aliyense amasiya ntchito masana n'kubwera atavala chovala chake cha olenji. Moo ndiye sajomba. Amalowa akunena kuti, “Iwe waulesi, udakagona? Mapasenjala ako onse ndatenga, amayi a ku banki aja akuti ine ndimayendetsa bwino kuposa iwe.” Wian amati, “Akunama, akungoopa kuti uwakhalira.” Amasekana choncho, koma ndamuonapo Moo atatsamira khoma la pa makwerero, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka.

Chimene chandithyola mtima ndi foni ya amayi. Mukudziwa kuti amamuimbira Lachitatu lililonse masana. Nthawi ikamayandikira amapempha Moo kuti amukweze pa njinga ya odwala n'kumukankhira pa khonde limene lili pamwamba pa msewu waukulu. Amachotsa kachubu ka mpweya. Amafuna kuti amayi azimva phokoso la magalimoto, aziganiza kuti ali pa siteji. Amakweza mawu, amawafunsa za bondo, amauza Namfon kuti asamaonere foni nthawi yaitali, kenako amati, “Amayi, pasenjala wafika, ndidzaimbanso.” Akadula amatha theka la ola akufunafuna mpweya, milomo itada. Lachitatu lapitali amayi anamufunsa ngati abwera kudzathandiza kudula mpunga. Anayankha kuti aona. Ine ndinali nditamugwirira foni chifukwa analibe mphamvu zoigwira yekha.

Sindingathenso, achemwali. Ndinalumbira ndili ndi chikhulupiriro choti achira. Sindinalumbire kuti amayi adzalandire mafupa a mwana wawo m'kabokosi asanamugwire nkhope.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Auzeni amayi inuyo, maso ndi maso, ndipo mubwere nawo kuno pamodzi ndi Namfon Lachisanu lino. A Thongdi anyamuka pa msika dzuwa likutuluka, ndalankhula nawo kale, akusungirani malo atatu. Ine ndidzakuchingamirani pa siteji ya Mo Chit. Mudzagona m'chipinda changa, ndi chaching'ono koma tikwanamo.

Ndikudziwa kuti ndakusenzani katundu wolemera amene ndinayenera kusenza ndekha. Ndikudziwanso kuti mpunga wacha ndipo sudikira munthu. Apempheni alamu atsale, aitane ana a malume kuti awathandize. Amayi muwauze atadya kale, atakhala pansi, osati ali pa makwerero kapena pobwera ku kachisi. Muitane azakhali a Kaen akhale pafupi, ndi okhawo amene amayi amawamvera akayamba kudzimenya pachifuwa. Mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi musawaiwale pa alumali.

Za umonke zija musawauze. Limenelo ndi bodza langa, ndidzaulula ndekha nditagwada pamaso pawo. Akafuna kundimenya andimenye.

Namfon ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, si khanda ayi. Mumuuze kuti abambo ake akudwala kwambiri ndipo akufuna kumuona. Akakufunsani ngati achira, musamulonjeze. Mabodza amene tanena m'banja muno akwana. Mungomuuza kuti adzawapeza ataonda, koma ndi iwo omwe aja, ndipo akhoza kukwera pa bedi n'kuwagwira, matendawa sapatsirana.

Inunso achemwali, ndikudziwa kuti mundifunsa kuti ndinkakuonani ngati ndani. Munamubereka kumsana Wian amayi ali kumunda, munasiya sukulu kuti ife awiri tipitirize. Ndinakumanani zaka ziwiri za mlongo wanu. Mukafika mudzandiuze zonse zili kumtima kwanu, ndidzamvetsera osayankha, koma mubwere.

Mundiperekere moni kwa alamu a Sawaeng, muwauze kuti ndikupepesa powasiyira munda nthawi yoipa chonchi. Moni kwa azakhali a Kaen ndi malume a Bunmi ndi ana awo onse. Moni kwa ana anu, Tum ndi Fai, muwauze kuti amalume awo amawafunsa. Kwa amayi sindikutumiza moni wa papepala, ndidzawapatsa ndekha ngati angandilole kuwayandikira.

Kalatayi ndailembera pa wodi, masana ano, pepala lili pa bondo. Wian anadzidzimuka pakati n'kundifunsa kuti ndikulemba chiyani. Ndinati ndi lipoti la a profesa. Anati lipoti lake lalitali bwanji, nanga bwanji likundituluzitsa mamina. Ndinati ndi chimfine. Anatembenukira kukhoma, ndipo ndinaganiza kuti wagona.

Ndikupinda pepala loyamba kuti ndiike mu envulopu, analankhula osatembenuka, nkhope ili kukhoma komweko. Anati, “Asisi, mu lipotimo mulembemonso kuti amayi akhale mpando wakutsogolo. Kumbuyo amasanza.”

Ndalemba. Muwauze a Thongdi.

Ndine mng'ono wanu amene wakulakwirani,

Lamduan